Tsiku Limodzi ku Joni Pakati pa Anzathu Akale

    

Nkhani yathu lero ndi ya ulendo wokaona anzathu akale amene adapita kunja. Titenga mzinda umodzi wodziwika m'mudzi uliwonse kuno kwathu. Mzindawo ndi Johannesburg, ku South Africa, kumene tonse timangoti ku Joni. Titenganso tsiku limodzi lokha, kuchokera m'mamawa mpaka usiku.

Ndikufunseni kaye. Ndani mwa inu alibe m'bale kapena mnzake ku Joni? Pitani ku Mzimba mukafunse. Pitani ku Mangochi, ku Nkhata Bay, ku Machinga. Khomo ndi khomo akutchulirani dzina. Wina adapita chaka chatha. Wina adachoka mwana ali kumsana, lero mwanayo ali ku sekondale.

Tsono mwayi wagwera inu. Mwina mukukaoda katundu. Mwina ndi zantchito, mwina ndi ukwati. Muli ndi tsiku limodzi loti mupereke zimene mwatumidwa, mugule zogula, muonane ndi anzanu. Kodi tsiku limenelo mudzaliyendetsa bwanji?

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo muimva kangapo. Zotumidwa zisakulandeni munthu. Katundu ndi wofunika, inde. Koma mnzanu aposa katundu.

Tiyambe ndi katunduyo.

Ikangomveka mbiri yoti mukupita ku Joni, pakhomo panu sipasowa alendo. Mayi wina abwera ndi kathumba ka ufa woyera. "Mukampatse mwana wanga." Wina abwera ndi usipa. Wina ufa wa kondoole, wina kabotolo ka Nali. Aliyense akuti kake n'kochepa. Pomanga, chikwama chanu chadzaza ndi za eni ake.

Mwina mukudabwa. Munthu wokhala mumzinda wa masitolo akuluakulu alirirenji usipa? Yankho n'losavuta. Ufa wa m'sitolo ulipo, ndipo kumeneko nsima yake amaitcha pap. Imakhutitsa. Koma ufa woviika ndi kuyanika pamphasa ndi amayi ako uli ndi fungo lake. Ukaulawa, wafika kwanu usadakwere basi. Choncho musanyoze kathumba kameneko. Mwanyamula moni wa mayi.

Chenjezo limodzi lokha. Phukusi lililonse mulitsekule mwini wake ali pomwepo. Muone chimene chili m'katimo. Pachipata sakafunsa amene adakutumani. Akafunsa inu.

Basi yanyamuka pa Wenela mu Blantyre. Mwadutsa pa Mwanza, mwalowa Mozambique pa Zobue. Mwaoloka Zambezi pa Tete, kutentha kuli pamwamba. Mwalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mwadutsa Harare. Kenaka mzere wautali wa pa Beitbridge, pamtsinje wa Limpopo. Miyendo yatupa, msana ukuwawa. Potsiriza mwatsika pa Park Station, pakati peni peni pa Joni. Wotchi musasinthe, nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi. Chosiyana ndi liwiro la anthu. Kumeneko aliyense akuthamanga.

Tsopano tilowe m'gawo lachiwiri, ntchito za m'mawa.

Mwaimbira foni mnzanu wakale amene mukufuna kumuona. Mnzanu uja wayankha monong'ona. "Aise, ndili pantchito. Sindingachoke. Tionana masana." Mtima wanu wachita kuwawa. Ulendo wonsewu, iye osabwera kudzandichingamira?

Omvera, apa dekhani. Ambiri mwa anzathu kumeneko amagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'maluwa, m'masitolo, pa zomangamanga. Ena ndi aganyu. Tsiku limene sadagwire ndi tsiku lopanda malipiro. Ena akajomba kamodzi, mawa apeza wina ali pamalo pawo. Sikuti mnzanu wakutayani. Akuteteza nsima ya ana ake, ndipo mwina ana akewo ali m'mudzi mwanu momwemo.

Ndiye nyamulani matumba, muyambe nokha. Apa mpamene mudziwe kukula kwa mzindawu. Mwana wa mayi uja amakhala ku Tembisa. Mwini usipa ali ku Rosettenville. Wa kondoole ali ku Diepsloot. Kumudzi ankanena ngati onsewa ndi oyandikana nyumba. "Onse ali ku Joni komweko, mukangowapatsa." Koma kuchoka kwa uyu kufika kwa uyo ndi ulendo wa maminibasi awiri kapena atatu. Phukusi limodzi likhoza kukudyerani m'mawa wonse.

Maminibasi awo, amene eni ake amati matekisi, ali ndi malamulo ake. Poimitsa amalankhula ndi zala. Kuloza chala m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja mpaka kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndiye amawerenga chenji. Simukudziwa? Funsani. Safunsa adadya phula. Foni yanu ikhale m'thumba, musaionetse pamsewu. Chiphaso chanu chisachoke pathupi.

Nzeru yake ndi iyi. Musanachoke kumudzi, tengani nambala za onse. Pangani malo amodzi okumanirana. Amene angathe abwere adzatenge yekha. Mukatero mwapulumutsa maola, ndipo maola amenewo ndi a mnzanu uja.

Pali zogulanso. Alamu akufuna foni. Azakhali akufuna bulangete lochindikala. Achimwene akufuna chitsulo cha galimoto, ndipo akutumizirani chithunzi pa WhatsApp. Mulowa ku Dragon City, mulowa ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Mtengo uliwonse wa randi mukuutembenuza m'makwacha m'mutu. Maso akuthamanga, nthawi ikuthamanga. Mukayang'ana dzuwa, lili paliwombo.

Imani pamenepo. Dzifunseni. Kodi ndabwera kudzaona masitolo, kapena ndabwera kudzaona anthu? Bulangete likhalapo mawa. Mnzanu wapempha maola awiri okha kwa abwana ake. Ndibwereze mfundo ija. Zotumidwa zisakulandeni munthu.

Tafika pa gawo lachitatu, ndipo apa ndichedwapo. Kukumana.

Akale adati mapiri sakumana, koma anthu amakumana. Uyo akubwera apoyo. Wanenepa pang'ono, kapena waonda. Imvi zayamba. Koma kayendedwe ndi komwe kaja ka kusukulu. Akukuitanani ndi dzina la paubwana, dzina limene ngakhale akunyumba kwanu salidziwa. Mwagwirana chanza osasiyana. Mwaseka mpaka anthu odutsa atembenuka. Zaka zonse zija zasungunuka.

Wakutengerani kumene amakhala. Konzekerani mtima. Pa Facebook mudamuona ataima pambali pa galimoto yonyezimira, kumbuyo kuli nyumba yosanja. Lero mwalowa m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni. Bedi, mbaula yamagetsi ndi masutikesi zonse zili momwemo. Mwina amagawana chipindacho ndi anzake awiri kuti lendi ipepuke. Galimoto ija inali ya abwana.

Musamuseke. Musaonetse kudabwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, inde. Koma funsani kuti chithunzi chija adajambulitsiranji. Adafuna kuti amayi ake agone tulo. Adafuna kuti kumudzi asamati adapita pachabe. Ndipo kachipinda kameneko ndiko kamanga nyumba ya malata imene mumaisirira kumudzi. Ndiko kakulipirira ana atatu sukulu. Munthu ameneyu ndi woyenera ulemu.

Sindikunena kuti onse ali m'mavuto. Ayi. Alipo a kwathu kumeneko amene ndi anamwino, aphunzitsi, madalaivala a magalimoto akuluakulu, eni mabizinesi. Ali ndi mapepala, ali ndi nyumba. Koma wolemera ndi wosauka yemwe, onse ali ndi njala imodzi. Njala ya nkhani za kwawo.

Wathira madzi pamoto. Ufa uja mwabwera nawo walowa mumphika. Usipa uli m'chiwaya. Mafunso ayamba. Mvula idagwa bwanji chaka chino? Feteleza ali pa zingati? Aphunzitsi athu aja a masamu akadali moyo? Mtsikana uja wa kwaya adakwatiwa ndi yani? Yankhani mofatsa. Musathamange. Kwa inu ndi nkhani wamba. Kwa iye ndi chakudya.

Kenaka inunso mufunse. "Aise, ukukhala bwanji kuno?" Ayankha kuti, "Tili bwino, tikuyesera." Limenelo ndi yankho la pakhomo. Dikirani nsima ithe. Funsaninso. "Kunena zoona, ukukhala bwanji?" Ulendo wachiwiriwu ndi umene mumve zenizeni.

Mumva za mapepala. Chiphaso cha Malawi chimakulowetsani m'dzikomo masiku 30 opanda viza. Masikuwo akatha, munthu wopanda chilolezo amayenda mtima uli m'mwamba. Akaona galimoto ya apolisi, amasintha njira. Dzina loti Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo, salitchula mokweza. Mumva za zipolowe zothamangitsa alendo, monga za 2008 ndi za 2015, pamene boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mumva za kuzizira kwa mwezi wa June, kumene kumalowa mpaka m'mafupa. Mumva za maliro a bambo ake amene adawalira pafoni, chifukwa akadatuluka sakadathanso kubwerera.

Inu ntchito yanu apa ndi kumvetsera. Musamudule ndi malangizo. Ndipo chonde, musayambe ndi mawu oti "undigulireko". Munthu ameneyu foni yake imalira tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi aliyense woimba akufuna kanthu. Khalani inu mmodzi amene wabwera kudzangomuona. Ngati mungathe, gulani ndinu zakumwa. Adzakumbukira zimenezo zaka zambiri.

Tsopano likubwera funso lolemera. Akuyang'anani m'maso. "Nanga nyumba yanga ija yafika pati?"

Iye wakhala akutumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi. Amamuuza kuti yafika pamalata. Inu mudadutsapo sabata yatha. Ili pamawindo, ndipo udzu wamera m'kati. Muyankha chiyani?

Omvera, apa pamafunika nzeru ndi chilungamo pamodzi. Musaname. Mukanama, mwathandiza kumudyera thukuta lake. Koma musathirenso ndemanga. Nenani chimene maso anu adaona, basi. "Ine ndidaona ili pamawindo." Zoti ndalama adadya ndani, simudaone, musanene. Za banja lake, zimene mudangomva pachitsime kapena pabawo, zisiyeni komweko. Mphekesera imodzi yonyamulidwa pabasi yapasula mabanja ambiri. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo.

Nthawi yake yatha, abwerere kuntchito. Mwapangana kuti muonananso madzulo.

Tipite ku gawo lachinayi. Dzuwa lapendeka, ndipo kwatsala munthu mmodzi woti mumuone.

Musananyamuke, agogo ena a m'mudzi adakuitanani. "Mwana wanga, ukakafika ukandifunsireko mlongo wanga. Adapita ndi Wenela, sadabwerenso." Anthu otere timawatcha matchona. Ambiri amene amapita ku Joni saipeza nthawi ya ntchito imeneyi. Ine ndikuti ipezeni.

Njira ya ku Joni si ya lero. Dzina lija la Wenela, pamene mudakwerera basi, ndi la bungwe limene linkalemba amuna ntchito za m'migodi ya golide. Agogo athu ambiri adapita m'manja mwake. Ena adayenda pansi bungwelo lisadawapeze. Kamuzu Banda ali mnyamata adafika kumeneko, nagwira ntchito pamgodi. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, adayambitsa bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, ndipo adamwalira komweko ku South Africa. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana. Amalawi oposa 70 adafera pangoziyo, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu a kumigodi kwa zaka zingapo. Ambiri adabwerera ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Ena adabwerera ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi. Ena adakwatira komweko, nakhala.

Mwafunsafunsa kwa a kwathu, mpaka mwawapeza. Ndi nkhalamba tsopano. Adzukulu awo amalankhula Chizulu kapena Chisutu. Mwagwada, mwapereka moni. "Muli bwanji, agogo?" Iwo akhala chete kanthawi. Kenaka Chichewa chakale chituluka, chija chosasakaniza. "Ndiwe mwana wa yani?" Mwatchula mudzi, mwatchula mfumu, mwatchula mfunda. Ayamba kufunsa anthu mmodzimmodzi. Ambiri mwa iwo adagona kalekale. Muwauze mwaulemu. Ndipo muwauzenso kuti mlongo wawo ali moyo, ndipo ndiye wakutumani.

Tulutsani foni. Imbani kumudzi. Apatseni alankhulane. Mphindi zochepa zimenezo n'zoposa katundu yense ali m'chikwama chanu. Chibale ndi fupa, sichiola. Musawafunse kuti adalekeranji kubwera. Zifukwa amazidziwa okha, ndipo kawirikawiri ndi manyazi obwerera chimanjamanja. Inu lumikizani chingwe chimene chidaduka. Kuweruza si kwanu.

Gawo lachisanu ndi la madzulo.

Mbiri yamveka kuti kwabwera munthu wochokera kumudzi. Kachipinda kaja kadzaza. Uyu ndi wa ku Mzimba, akulankhula Chitumbuka. Uyu ndi wa ku Mangochi, wangochoka kumzikiti ku Mayfair. Uyo ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay. Kwathu mwina sakadadziwana n'komwe. Kuno onse ndi "akumudzi". Mkangano wa Bullets ndi Wanderers wabuka ngati ali pa Kamuzu Stadium. Wina akumbutsa zigoli za Gabadinho Mhango ali ku Orlando Pirates, ndi mmene ankayendera monyada m'masiku amenewo. Kuseka kuli ponseponse.

Pakati pa kusekako muona kabuku kakuyenda, kapena uthenga wa pagulu la WhatsApp. Ndi chopereka. Wina wa kwathu wamwalira, ndipo thupi liyenera kupita kwawo. Kunyamula maliro kudutsa mayiko atatu ndi ndalama zambiri. Palibe amene angathe yekha. Mutu umodzi susenza denga. Aliyense aponyapo kake, podziwa kuti mawa zikhoza kugwera iye. Inunso, mlendo, ponyanipo kangachepe. Pamenepo mudzamvetsa chimene chimawasunga anthu athu kunja. Amasungana okhaokha.

Tsiku lisanathe, matumba ayambanso kubwera. Tsopano ndi opita kumudzi. Nsapato za mwana. Foni ya amayi. Envelopu ya fizi. Tengani cholembera. Lembani dzina, lembani chinthu, lembani ndalama, mwini wake akuona. Chimene simungathe kunyamula, kanani pomwepo. Kukana pamaso n'kwabwino kusiyana ndi kukasiya katundu wa mwini pachipata. Ndipo mukafika, perekani msanga, chilichonse kwa mwini wake. Nsapato zimenezo wina adazigula atadzimana nkhomaliro. Envelopu isachepe panjira.

Tsopano tiombe mkota.

Choyamba, konzani zotumidwa musananyamuke, kuti zisakudyereni tsiku lonse. Mnzanu apeze nthawi yake yokwanira.

Chachiwiri, mukakumana, mvetserani. Funsani kawiri. Pitani ndi nkhani za kumudzi ndi mtima wofuna kumva, zopempha zitsale. Nenani zoona zimene mudaona, mphekesera muzisiye.

Chachitatu, mukabwerako, nenani zoona kunonso. Achinyamata adzakuzungulirani. "Ku Joni kuli bwanji?" Musawaonetse foni yatsopano yokha. Auzeni za kachipinda kaja. Auzeni za mapepala, za kuzizira, za mantha. Auzeninso za amene zikuwayendera, ndi mmene adavutikira kuti afike pamenepo. Wofuna kupita apite akudziwa, ali ndi chiphaso chake m'manja. Koma zinsinsi za mnzanu, zimene adakuuzani nsima itatha, zisakhale nkhani ya pabawo.

Mawu anga otsiriza apite mbali ziwiri. Inu amene muli kunja ndipo mukutimvera, musadikire kulemera kuti mukaonekere kwanu. Amayi anu akufuna nkhope yanu. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ndipo inu amene muli kuno kumudzi, simufunika kukwera basi kuti muyambe. Muli ndi mnzanu ku Joni, ku Harare, ku Lusaka kapena ku Ulaya? Muimbireni sabata ino. Musapemphe kanthu. Mufunseni mmene wadzukira, mumuuze za mvula, mumuuze kuti kwawo akumukumbukira.